Msana Ukamawawa, Mantha Asakugonekeni Pamphasa

Amayi anzanga a m'tauni ndi a kumudzi, sabata ino tikambirane za msana. Palibe mayi wa pabanja amene sadziwa kuwawa kwa msana, koma amayi a ku Misuku, m'boma la Chitipa, amakudziwa koposa. Dziko la kumeneko ndi la mapiri okhaokha. Munda uli pamtsetse, madzi ali kumunsi, nkhuni zili kumtunda. Nyengo yothyola khofi ikafika, mayi amayamba kuwerama ndi kuweramuka kusanache, kenaka n'kusenza khofi wofiirayo kunka naye kumakina osendera. Pobwera apeza mkoko wa nthochi ukumudikira, mwana ali kumbuyo. Madzulo akati akhale pansi, m'chiuno muli moto.

Kuwawako kukapitirira miyezi, mayi amagwera m'mbuna imodzi mwa ziwiri. Mwina apabanja amayamba kumunena kuti ndi waulesi, pakuti palibe bala kapena chotupa chimene akuchiona. Mwinanso iye mwini amagwidwa ndi mantha kuti msana wake watha, ndipo amayala mphasa n'kugona, munda n'kumera tchire, mbuzi n'kugulitsidwa kuti akajambulitse msana kutali. Mbuna ziwirizi gwero lake ndi limodzi, ndilo kusadziwa kuti ululu n'chiyani ndipo umachokera kuti. Alipo anthu ophunzira amene adapereka moyo wawo wonse ku funso limeneli, ndipo zimene adapeza zikukhudza inu ndi ine.

Anthu a mafizo

Ambiri timadziwa mafizo ngati ntchito yowongola miyendo ya ana opuwala kapena yoyendetsanso munthu amene wafa ziwalo. Ndi mmenedi ntchitoyi idadziwikira m'dziko muno, makamaka kudzera m'bungwe la Malawi Against Polio limene lidayamba mu 1979, ndiponso chipatala chake cha Kachere mu Blantyre. Kwa zaka zambiri Mmalawi wofuna digiri ya ntchito imeneyi adayenera kukaphunzira kunja. Mu 2010 sukulu ya College of Medicine mu Blantyre idayamba kuphunzitsa digiriyi konkuno, ndipo kuyambira 2021 sukuluyo ili m'yunivesite ya Kamuzu University of Health Sciences. Komatu odwala ambiri amene amafika kwa a mafizo si opuwala ayi. Ndi anthu oyenda okha, odandaula msana, khosi ndi mawondo.

Mphunzitsi wa mafizo pa yunivesite ntchito yake imakhala pa mafuwa atatu, monga mphika. Amachiza odwala, amaphunzitsa achinyamata, ndiponso amachita kafukufuku kuti adziwe ngati zimene akuchitazo zikuthandizadi. Mmodzi mwa aphunzitsi otere ndi mayi wa ku South Africa, Dr. Ina Diener wa ku Stellenbosch, amene kwa zaka zambiri adaphatikiza kuchiza odwala ndi kuphunzitsa pa mayunivesite a Stellenbosch ndi Western Cape. Funso limene iwo ndi anzawo adalilondola ndi losavuta kumva: kodi munthu akafotokozeredwa bwino mmene ululu umapangikira m'thupi, zimasintha kanthu pa kudwala kwake?

Mu 2011 mayiwa, pamodzi ndi a Adriaan Louw ndi anzawo ena, adasonkhanitsa zofufuza zimene zidalipo pa nkhaniyi, ndipo adapeza umboni wakuti maphunziro otere amachepetsa ululu, mantha ndi kulephera ntchito mwa anthu amene akhala akumva kuwawa nthawi yaitali. Mu 2014 adatulutsa zotsatira za kafukufuku wina amene adachitikira ku America pa odwala 67 oyembekezera opaleshoni ya msana. Ena mwa iwo adapatsidwa phunziro lalifupi la ululu asanalowe m'chipinda cha opaleshoni, ena ayi. Patatha chaka, ululu wa magulu awiriwo sudasiyane kwenikweni. Chimene chidasiyana ndi ichi: ophunzitsidwa aja adakhutira ndi opaleshoni yawo, ndipo pa ndalama 100 zilizonse zimene anzawo adawononga poyezetsa ndi kufuna chithandizo china, iwo adawononga 55 zokha. Mtima wawo udakhala pansi, motero sadayendeyende.

Nkhaniyi idafika ndi kwathu kuno kudzera mwa wophunzira wa mayi Diener, a Nesto Tarimo, katswiri wa mafizo wogwira ntchito m'Malawi, amene adakachita maphunziro apamwamba ku yunivesite ya Western Cape. A Tarimo adafunsa odwala msana oposa 200 amene ankabwera ku mafizo pa zipatala za Queen Elizabeth mu Blantyre ndi Kamuzu Central mu Lilongwe, kuti amve zimene amadziwa ndi zimene amakhulupirira pa matenda awo. Zotsatira zake, zimene zidasindikizidwa mu 2017, zidaonetsa kuti odwalawo ankadziwa pang'ono chabe za gwero la vuto lawo, ndi kuti oposa theka adali ndi maganizo ofooketsa pa msana wawo. Ambiri ankaopa kuti kuyenda ndi kugwira ntchito kuwonjeza kuwonongeka. Ofufuzawo adalangiza kuti kuphunzitsa wodwala kukhale mbali ya chithandizo. Tsono taganizani, amayi: ngati mantha adali otero mwa anthu amene adafika mpaka pakhomo pa a mafizo m'mizinda ikuluikulu, nanga mayi wa m'mphepete mwa nkhalango ya Mughese kapena ya Wilindi, amene chipatala chachikulu cha Mzuzu chili ulendo wautali, adamufotokozera ndani?

Galu wa pakhomo

Phunziro lake nali. Kale anthu ankaganiza kuti ululu umayenda molunjika kuchokera pabala kukafika kumutu, kotero kuti bala likakula ululu ukulanso. Mu 1965 akatswiri awiri, a Ronald Melzack ndi a Patrick Wall, adaonetsa kuti si choncho. Mauthenga ochokera m'thupi amadutsa m'mitsempha ya mumsana, m'mene angathe kukulitsidwa kapena kuchepetsedwa, ndipo ubongo ndi umene umayesa mauthengawo pamodzi ndi zonse zimene munthu akudziwa, akuona ndi kuopa. Ubongo ukaona kuti thupi lili pangozi, umabweretsa ululu kuti munthu adziteteze.

Ululu tsono uli ngati galu wa pakhomo. Galu wabwino amauwa pakabwera mbala, ndipo timamuyamika. Koma galu amene adamenyedwapo ndi mbala usiku wina amasanduka wamantha. Amauwa tsamba la nthochi likagwedezeka, amauwa mwana wa pakhomo pomwepo akamabwera kuchokera kumadzi. Kuuwako n'koona, kukusowetsani tulo ndithu, koma sikukutanthauza kuti kunja kuli mbala. Ndi mmene zimakhalira ndi ululu wokhalitsa. Minofu imene idapweteka poyamba kawirikawiri imapola m'masabata kapena m'miyezi yowerengeka, koma mitsempha imatha kutsala ili tcheru mopitirira muyeso, n'kumachenjeza ngakhale pa ntchito imene siwononga kanthu.

Madokotala a ku Britain adalemba mu 1995 za mmisiri wina womanga nyumba amene adaponda msomali wa masentimita 15, n'kuboola nsapato yake mpaka kutulukira pamwamba. Bamboyo adamva ululu woopsa, kotero kuti adayenera kupatsidwa mankhwala amphamvu asanakhudzidwe. Atavula nsapato ija adapeza kuti msomali udadutsa pakati pa zala, phazi lili bwinobwino. Kodi bamboyo ankanama? Iyayi. Ululu wake udali weniweni, pakuti maso adauza ubongo kuti phazi laboka. Mbali inayo mukuidziwa nokha: mayi wothamangira mwana amene wagwera pamoto amatha kudzicheka ndi chitsa osamva kanthu, n'kudzaona magazi pambuyo pake.

Chimodzimodzinso zithunzi za kuchipatala. Pakati pa mafupa a msana pali tinthu tofewa tokhala ngati nkhata, ndipo timasintha munthu akamakula. Mu 2015 akatswiri adasonkhanitsa zithunzi za misana ya anthu opanda ululu uliwonse. Mwa a zaka 20, anthu 37 pa 100 alionse adali kale ndi zizindikiro za kuperepeseka kwa tinkhata timeneti. Mwa a zaka 80 adali 96 pa 100 alionse. Onsewa sankamva kuwawa. Zambiri zimene chithunzi chimaonetsa zili ngati imvi ndi makwinya, kungoti zili m'kati. Choncho musathamangire kugulitsa chiweto chifukwa cha X-ray pamene dokotala sadaone chifukwa chojambulira.

Pano ndifuna mundimvetse bwino, inu ndi abambo amene mukuwerenga tsambali mobisa. Phunziroli silikunena kuti ululu ndi wongoganizira. Bungwe la akatswiri a ululu a dziko lonse lapansi, pokonzanso tanthauzo la ululu mu 2020, lidanenetsa kuti munthu akati akumva kuwawa, mawu akewo alemekezedwe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mayi wodandaula msana popanda bala si waulesi ndipo si wabodza. Chimene phunziroli likutiuza n'chakuti kukula kwa ululu si muyeso wa kuwonongeka kwa thupi, ndi kuti galu wamantha uja angathe kuwetedwanso.

Zimene zimakwiyitsa galuyu ndi zodziwika. Kusowa tulo, nkhawa ya ngongole kapena ya mtengo wa khofi, mikangano ya m'banja, chisoni cha maliro, kutopa kosapuma, zonsezi zimachititsa mitsempha kukhala tcheru. Mantha ndiwo aposa. Mayi akakhulupirira kuti fupa lake laguluka, kapena kuti wina adamutchera m'njira, thupi lonse limaumika, amaleka kuyenda, minofu imafooka, ndipo tsiku limene adzayese kunyamula chidebe ululu umabwera mowirikiza. Pamenepo amati, "Mwaona, ndidanena ine." Mphasa imene adaiyesa mankhwala ndiyo yatalikitsa matenda.

Vutoli si la ku Misuku kokha. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization lidawerengera kuti mu 2020 anthu 619 miliyoni adali ndi ululu wa m'munsi mwa msana, ndipo amayi ndiwo ochuluka. Mwa odwala khumi alionse, pafupifupi asanu ndi anayi sapezeka ndi matenda enieni amene angalozedwe ndi chala. M'malangizo amene bungweli lidatulutsa mu December 2023 pa ululu wa msana wokhalitsa, lidaika patsogolo kuphunzitsa wodwala ndi kulimbitsa thupi, ndipo lidati malamba omanga m'chiuno, kukoka msana ndi makina, ndi mankhwala amphamvu a mtundu wa morphine zisagwiritsidwe ntchito wamba pa vutoli. Dziwaninso kuti phunziro palokha mphamvu yake ndi yochepa. Limagwira bwino likayenda pamodzi ndi kuyendetsa thupi.

Pamene galu akuuwa mbala yeniyeni

Komatu nthawi zina kunja kumakhaladi mbala, ndipo mayi wanzeru ayenera kudziwa kusiyanitsa. Musazengereze kupita kuchipatala cha Misuku kapena cha boma ku Chitipa, kapena chilichonse chimene muli nacho pafupi, ngati kuwawa kwa msana kwabwera pamodzi ndi kutentha thupi, kutuluka thukuta usiku, kuonda kopanda chifukwa kapena chifuwa chosatha, pakuti TB imagwiranso mafupa a msana. Pitani tsiku lomwelo ngati miyendo ikufooka, ngati pakati pa miyendo pachita dzanzi, kapena ngati mkodzo ndi chimbudzi zikukanika kutuluka kapena zikutuluka zokha. Pitani ngati kuwawako kudayamba mutagwa kwambiri, kapena ngati kukukulirakulira usiku ngakhale mutagona bwanji. Ndipo inu amayi, msana ukamawawa pamodzi ndi kutaya magazi pa nthawi yosayenera, kapena mutasiya kale kusamba, kapena ndi chikazi chonunkha, kayezetseni khomo la chiberekero, popeza khansa imeneyi yatenga amayi ambiri m'dziko muno ndipo ikapezeka msanga imachizika. Mayi woyembekezera asadzichize yekha. Safunsa adadya phula.

Achipatala akakupimani n'kupeza kuti palibe choopsa, musabwerere ndi mtima wakuti sadakuthandizeni. Akupatsani nkhani yabwino. Ululu wa msana umene wangoyamba kumene kawirikawiri umachepa kwambiri m'masabata asanu ndi limodzi, ndipo amene amapitiriza kuyenda ndi kugwira timantchito amachira msanga kuposa ogona.

Chochita pakhomo

Yambani ndi zimene thupi likulola lero. Ngati kuyenda mpaka kumunda kukukanika, yendani mpaka pakhola ndi kubwerera, kawiri kapena katatu pa tsiku, ndipo sabata yamawa muonjezeko pang'ono. Kuwawa pang'ono poyenda si chizindikiro chakuti mukuwononga kanthu, malinga kuzizira mukapumula. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Pewani msampha wa tsiku labwino, pamene mayi akamva bwino amafuna kulima munda wonse, kuchapa ndi kusinja tsiku limodzi, mawa lake n'kugonanso masiku anayi. Gawani ntchito. Pothyola khofi kapena popalira, weramukani kawirikawiri, mutambasule msana, musinthe kaimidwe. Katundu wolemera mugaweni pawiri. Maulendo awiri opepuka aposa umodzi wokugonekani. Nyengo yozizira ya June ndi July, nsalu yoviika m'madzi ofunda imafewetsa minofu. Gonani mokwanira, ndipo nkhawa imene ikukudyani muiuze mnzanu wokhulupirika.

Samalani ndi mankhwala ogula pa okala. Mapiritsi a mtundu wa bulufeni amathandiza masiku owerengeka, koma kumwa miyezi ndi miyezi kumayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso. Kutema mphini ndi lumo lobwerekana kungakupatseni matenda amene mudalibe.

Samalaninso lilime. Mukapita kukazonda mnzanu, musamuuze kuti azakhali anu adayamba chomwecho mpaka adapuwala. Mawu otere amalowa m'thupi ngati munga. Muuzeni kuti msana ndi chiwalo cholimba chimene chasenza ana ndi mitolo zaka zonsezi, mutenge khasu mumuthandize mzere umodzi, kenaka mumuperekeze koyenda pang'ono. Kwa abambo ndinena mwaulemu kuti mutu umodzi susenza denga. Mkazi wanu akadwala msana safuna kumugoneka ngati mtembo, safunanso kumusiyira katundu yense. Afuna kuti musenzeko thumba la khofi, iye anyamule chopepuka, mpaka mphamvu zibwerere.

Ndani adzakwera nalo phiri phunziroli?

Nzeru zikakhala m'mabuku a ku yunivesite zokha zili ngati mbewu yosungidwa m'nkhokwe mvula ikugwa. A Lorimer Moseley a ku Australia, katswiri wa mafizo amene adalemba buku la Explain Pain ndi a David Butler mu 2003, adaliona vutoli kwawo. Kuyambira 2017 iwo ndi anzawo adayamba kuyenda panjinga zakapalasa m'matauni aang'ono a kumidzi, kuima pamalo ndi pamalo kuphunzitsa anthu wamba ndi achipatala za ululu. Ife sitisowa pokumanira. Tili ndi sikelo ya ana, misonkhano ya amayi ku mipingo, mabanki a m'mudzi ndi magulu a alimi a khofi. Pemphani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kuti tsiku lina nkhani ikhale ya msana, ndipo amene mwawerenga tsambali muwafotokozere anzanu osawerenga.

Chotsala ndi chilankhulo. Ululu munthu amaufotokoza bwino m'chilankhulo chimene adayamwira, ndipo phunziro lochotsa mantha limalowa bwino m'chilankhulo chomwecho. Gogo wa ku Misuku adzamvetsa za mitsempha yake tsiku limene adzazimve m'Chisukwa kapena m'Chindali, kuchokera kwa munthu wodziwa kulemera kwa dengu pamtsetse. Munthu ameneyo ali m'nyumba zanu, akupita kusukulu ndi makope m'manja. Mwana wanu wamkazi akamakonda masamu ndi sayansi, musamutulutse m'kalasi kuti akathyole khofi kapena kuti akakwatiwe. Digiri ya mafizo imene akale adaiwolokera malire tsopano ili mu Blantyre, ndipo mtsikana wakhama angathe kuchiza, kuphunzitsa ndi kufufuza monga adachitira mayi Diener. Mafunso a msana wa mayi wa kumapiri akudikira wowafufuza, ndipo woyenera kuposa onse ndi mwana wobadwira komweko.

Tsalani bwino amayi, tidzachezanso sabata yamawa.